Tsiku Limodzi la Dzino

Cha m'ma seveni m'mawa, chisanu cha Juni chikuluma makutu, Safiya anafika kuntchito yake ya m'nyumba ku Menlo Park tsaya lili lotupabe. M'khitchini anapeza Pilira akutsuka makapu, atavala epuloni ya Safiya.

Pilira anali mnzake wa ku Machinga. Pilira atangofika ku Joni alibe pogona, Safiya ndiye anamuyalira bulangete m'chipinda chake ku Eersterust.

Dzulo lake Safiya sanabwere kuntchito. Chitengere mimba, nkhama zake zinkatuluka magazi akamatsuka mano, ndipo dzino limodzi linkamuphwanya mutu. Anamwino a kusikelo anamuuza kuti asadikire mpaka atabereka, akaonane ndi dokotala wa mano. Ndiye anapempha Pilira kuti amugwirire tsiku limodzi. Za mimbayo ankadziwa ndi mwamuna wake, Twalha, ndi Pilira basi.

"Wabweranso?" anafunsa Safiya. "Tinati tsiku limodzi."

"Eish, achemwali, khalani kaye pansi. Alichotsa dzinolo?"

"Alimata. Ndafunsa za epuloni."

Pilira anapukuta kapu yomwe inali youma kale.

"Madamu anandifunsa kuti mwatani. Ndinati dzino. Akuti dzino lokha mpaka kujomba? Ndiye ndinangoti mukudziwa mano a munthu woyembekezera."

"Unangoti."

"Nanga mimba imabisika? Mawa lino ikanaoneka ndithu."

"Ikanaoneka ine nditaganiza chochita. Paja amati mnzako akapsa ndevu mzimire. Iwe wakokera mpando kuti uothe."

Madamu analowa atanyamula makiyi a galimoto. Analankhula mokoma kwambiri. Anati masitepe a m'nyumbamo ndi oopsa kwa munthu wa pakati, Safiya amalize mwezi uno kenako akapume, Pilira apitirize. Anamusisita Safiya paphewa n'kutuluka.

"Sindinapemphe ine," anatero Pilira chapansipansi. "Anachita kundifunsa."

"Unakana?"

Pilira anatembenuka n'kuika kapu ija m'kabati.

Safiya anathira madzi ofunda m'kapu, n'kuikamo mchere monga anamuuzira dokotala. Anachukucha m'kamwa, nalavulira m'sinki ya panja. Malovu anali ofiirirabe. Anatsegula mpopi mpaka zonse zitapita.

"Kiyi wa chipinda changa uli naye?"

"Ali m'chikwama."

"Umuike patebulopo. Katundu wako ukamupeza pakhomo."

Anatenga dengu la zovala, nalumikiza simbi kumagetsi. Malaya a abwana anali ambiri, ndipo mwezi unali usanathe.