Makanema Opanda Owonera

Chitsirizira ndi mayi ake anali kupinda malaya a malemu bambo ake pamene achimwene ake analowa m'chipindamo ndi foni yosweka galasi ya malemuwo.

"Mayi, tsamba la bambo la pa intanetili tingolitseka," anatero achimwenewo, amene ntchito yawo inali kujambulira makampani makanema otsatsa malonda. "Ndiwakonzera kanema mmodzi wooneka bwino wowakumbukira. Makanema awowa ngogwedera, ena chala chili pakamera."

Bambowo atapuma udalaivala wa basi, ankajambula maluwa awo a m'zitini pakhonde, uku akuwalankhula ngati apaulendo. Owonera analipo ochepa.

"Akuchititsani manyazi?" Chitsirizira anafunsa.

"Ayi, mlongo. Koma anthu awaseka. Masiku ano foni imakankhira patsogolo ife okhala ndi magetsi ojambulira ndi makamera abwino. Ena onsewa amangomira."

Pakhomo panamveka odi.

Anali mayi wachilendo, wa ntchito yoluka tsitsi. Anapepesa maliro, nakhala pamphepete pa mpando.

"Malemuwa sitinaonanepo nawo maso ndi maso," anatero. "Ndinkaika timakanema ta ntchito yanga, koma popanda wowonera ngakhale mmodzi. Nditatsala pang'ono kusiya, iwo anandilembera kuti, 'Ndaonera mpaka kumapeto. Manja anu ngaluso, koma pojambula muziyang'ana kuwindo kuti kuwala kuzikufikani.' Makasitomala anga oyamba anachokera pakanema wotsatira."

Mlendoyo atapita, Chitsirizira anatsegula ndemanga zimene bambo ake ankalemba pamakanema a anthu ena. Zinali mbwee: kwa wowotcherera zitsulo wachibwibwi, kwa mlonda woimba mosasa mawu, kwa namwino wophunzira gitala. Kwa anthu otchuka kunalibe ndi imodzi yomwe. Iye ankaganiza kuti bambo amangotaya nthawi pafoni, chonsecho ankasakasaka amene aliyense wawadumpha.

Achimwene aja anawerenga ali chiimire. "Za windozi ndinawaphunzitsa ndine," anatero motsitsa mawu. "Ndinkayesa sakumva."

"Ankamva," anatero mayi. "Ankati basi yabwino imaima ngakhale pasiteji pali munthu mmodzi. Tsambali lisatsekedwe. Tandionetsa, mwanawe, amawapeza kuti anthuwa?"

Chitsirizira anawapezera bambo wina wokonza ketulo m'kachipinda kamdima, mawu ake osamveka bwino. Anafuna kudumpha, koma mayi anamugwira dzanja.

"Musiye amalize."

Mayi anavala magalasi a amuna awo, nasendeza foni kufupi. Achimwene anakoka mpando.