Nambala Ili Kale ndi Mnzake

"Mwati bandulo ya sabatayo imatha ngakhale sindinaigwiritse?" anafunsa a Stelia, atatsamira njinga yawo pansi pa ambulera wa Timoteyo pamsika wa Mkanda.

"Imatha, make Dyna. Ili ngati mkaka, siyosunga."

"Ndiye kuba kumeneko!"

"Kuba ayi, bizinesi," anaseka Timoteyo, akupukuta dazi lake. Bamboyu ankagulitsa mayunitsi a mbali zonse ziwiri, akuno ndi aku Zambia aja amati tokotaimu. Ankaimba besi mukwaya imodzi ndi a Stelia, choncho zonyogodolana zinali za masiku onse.

A Stelia sanali munthu wa foni. Imene anali nayo inali yosiyiridwa ndi Dyna, mwana wawo mmodzi yekhayo, namwino ku Karonga. Pa intaneti ankangoonapo zithunzi za mdzukulu wawo Mwai, basi. Kuimba sankaimba, ankafulasha: kuliza kamodzi n'kudula, kenako n'kumadikira kuti mwana akapeza mpata aimbe. Mpatawo nthawi zina unkapezeka mawa lake. Ndipo Dyna akaimba, iwo ankayankha mothamanga ngati mphika ukupserera, kuopa kumuthera mayunitsi mwana. Zinkawawawa zimenezi, abale. Mwai anali atayamba kulankhula, koma mawu a agogo ake sankawadziwa bwinobwino. Chaka chino mtedza unachita bwino, ndiye anati basi, ine zofulasha ndasiya, ndiziimba ndekha ngati munthu.

"Tandiuzani zina," anatero. "Zotsika mtengo, osati zanu za mabwanazo."

"Ilipo yaikulu ya mavidiyo, koma imeneyo ndi ya achinyamata osagona. Ilipo yaing'ono ya mwezi, yongoonera zithunzi pa Watsapu. Ndiye pali iyi yafika kumene, ya awiri. Mumalumikiza nambala yanu ndi ya munthu mmodzi, n'kumacheza mwezi wonse mpaka khutu kutentha. Anyamata akuitcha ya chibwenzi. Muli nacho chibwenzi, make Dyna?"

"Chokani apa inu, opanda manyazi! Ndikakuneneza kwa akazi anu."

"Chabwino, ndasiya. Koma musakaimbire kudimba kwanu kuja, kumene foni imakulandirani ku Zambia muli m'munda mwanu momwe. Kumeneko idzakumetani."

"Ikani ya awiriyo. Ine ndi Dyna."

Nambala ya mwana wawo anaitchula pamtima, osaphonya. Timoteyo anadinadina pafoniyo, nadikira. Uthenga utalowa anauwerenga, nayesanso kachiwiri.

"Yakana," anatero. "Akuti nambala iyi ili kale ndi mnzake."

A Stelia anaseka. "Ndi bambo a Mwai amenewo. Anthu ogona nyumba imodzi akufuna kucheza chiyaninso pafoni? Dikirani ndimuuze amasule."

Anaimba. Chala chinkafuna kudula mwachizolowezi, koma anachigwira, foni n'kumalira. 

"Amayi!" anayankha Dyna. "Mwaiwala kudula, mayunitsi anu atha. Kwagwanji?"

"Kulibe chagwa. Lero ndaimba ndine."

Timoteyo anaika foni pa sipika kuti afotokoze yekha. Anamuuza Dyna za bandulo ya awiriyo, ndi manambala oti adine kuti amasule amuna ake alumikize amayi ake. Atamaliza, ku Karonga kunangoti zii.

"Halo? Netiweki?" anatero a Stelia, akugwedeza foni.

"Ndilipo, amayi." Mawu a Dyna anali atatsika. "Kungoti... si bambo a Mwai. Ndinalumikiza ndi mami."

Mami anali a Luwiza, mlongo wa malemu amuna a a Stelia, mphunzitsi wa paboma amene sanaberekepo. Chaka china cha njala, bambo a Dyna atangomwalira, ndiwo anatenga Dyna ali kamwana kosadziwa kusamba kokha. A Stelia ndiwo anamanga tizovala take m'chitenje, n'kukamusiya okha pakhomo pa alamu awowo. A Luwiza anamulera, namuphunzitsa mpaka unamwino, ndipo sanayankhulepo mawu onyoza ngakhale tsiku limodzi. Ukanafuna kuwada ukanayambira pati? Dyna anakula akunena mami kwa a Luwiza, amayi kwa a Stelia, ndipo a Stelia ankadzitonthoza kuti mami ndi chizungu chabe cha ana apaboma.

"Mukudziwa kuti chipumireni pantchito ali okhaokha, ndiye shuga ija ikuwavuta," Dyna anapitiriza mofulumira. "Timacheza madzulo aliwonse. Mwai sadya mpaka amuimbire nyimbo. Koma ndisintha, amayi, musadandaule. Sindinaganize kuti mungaifune. Paja inu simukonda zocheza pafoni, mumafulumira kutsanzika."

Kalanga ine! Kufulumira kuja, komwe iwo ankati akusunga mayunitsi a mwana, mwanayo ankakuona ngati kusafuna. A Stelia anafuna kuti afotokoze. Koma zaka zonsezi ungazifotokoze bwanji pamsika, pakati pa ogulitsa tomato ndi anyamata a kabaza?

Dyna anafulumira kuitana mwana. "Mwai! Bwera ulankhule ndi agogo!"

Kunamveka timapazi tikuthamanga pasimenti, kenako kupuma kwa mwana pafupi ndi foni.

"Agogo! Imbani ya nkhuku ija!"

Nkhope ya a Stelia inawala. Anawerama mpaka milomo kutsala pang'ono kugunda galasi la foni.

"Mwai, bambo wanga! Wadzuka bwanji? Ndine agogo ako."

Mwana anamvetsera.

"Awa si agogo," anatero momveka bwino. "Ndi ndani?"

"Iwe Mwai!" anakalipa Dyna. "Ndi agogo a ku Mkanda! Pepesa msanga!"

Mwana anayamba kulira. Timoteyo, munthu wosasowa chonena, anatembenuka n'kuyamba kusanja makadi amene anali osanja kale.

"Usamukalipire," anatero a Stelia.  "Sanalakwe mwanayo. Ndipo usasinthe chilichonse, wamva?"

"Amayi, ndisintha pompano..."

"Ndati usasinthe. Madzulo ano alamu anga akhala pakhonde kudikira foni, ndiye isalire chifukwa cha ine? Mwana naye agone ndi njala? Ayi, Dyna. Uwapatse moni ukamacheza nawo."

"Amayi, mwakwiya."

"Sindinakwiye, mwana wanga. Pita ukamutonthoze."

Anadula okha. Mtima unawawa kuposa tsiku lija anabwerera kuchokera paboma ndi chitenje chopanda kanthu, chifukwa tsiku limenelo ankaganiza kuti mwanayo angomubwereketsa.

Timoteyo anakhosomola. "Ya awiriyi tikhozabe kuika nambala ina, make Dyna. Mwina ya mayi wina wa kukwaya, kapena achimwene anu a kwa Mavwere."

A Stelia anaganiza. Anthu analipo, inde, koma wocheza naye mpaka khutu kutentha panalibe.

"Ndipatseni yaing'ono ija, ya zithunzi," anatero. "Mawu tawamva."

Timoteyo anaiika. A Stelia analipira, nakulunga foni pansonga ya chitenje, natsanzika mwaulemu monga mwa masiku onse. Njinga sanaikwere. Anangoikankha mpaka kumudzi, chifukwa misozi sinkawalola kuona msewu.