Mulu wa Kumanzere

Pa hotelapo dzina lawo lenileni linkadziwika ku ofesi kokha. Ena onse ankangoti a Lilime. Kwa zaka makumi awiri ntchito yawo inali yolawirira ku msika waukulu wa zipatso, kampeni m'thumba, kudula apa, kulawa apo, n'kusankha zoti alendo akadye. Chinanazi chimene a Lilime achivomereza sichinkatsala m'mbale.

Ndiye kunabwera matenda a shuga, osaodira n'komwe. Namwino anawalangiza kuti achepetse buledi ndi mpunga, zotsekemera aziiwale, ndipo chipatso chizikhala chimodzi chaching'ono, makamaka peyala kapena gwafa. A Lilime anavomera ndi mutu, m'mawa mwake n'kukalawa mango khumi ndi awiri. Ankadzinamiza kuti kulawa si kudya, ngati kuti magazi amasiyanitsa ntchito ndi dyera. Maso anayamba kuchita chidima, ndipo kachilonda ka pachala cha kuphazi kanatha mwezi osapola. Namwinoyo, mayi wosapita m'mbali polankhula, anawauza kuti asankhepo chimodzi, kulawa kapena phazi.

Anasankha phazi, ndipo ntchito inayamba kuwapulumuka m'manja. Mlungu woyamba anabweretsa zinanazi zokongola maonekedwe, koma zowawasa moti mlendo wina anachita kutsinzina. Mlungu wachiwiri anabwera ndi mavwende a madzi okhaokha. Mkulu wa khitchini anawaitanira kuseri kwa mafiriji n'kuwauza motsitsa mawu kuti Loweruka kuli phwando la ukwati la anthu mazana atatu, ndipo zikadzalakwikanso, ku msika kuzipita wina. Sanali munthu woipa mtima ayi, koma naye anali ndi omufunsa.

Akazi awo a Lilime, telala wosokera pakhonde, anaimva nkhaniyo ali ndi mapini pakamwa. Mayi ameneyu ndiye ankawagulira zipatso zodyera kunyumba chiyambireni matendawa. Masana aliwonse ankawapatsa theka la chipatso, pakatha maola awiri n'kuwabaya chala, n'kuyang'anitsitsa nambala ya pa kamakina koyezera shuga. A Lilime ankadandaula tsiku ndi tsiku kuti munthu wodyetsa mabwana zonona, kwawo akukukuta magwafa olimba ngati mwala.

"Loweruka tipitira limodzi, abambo," anatero mayiwo atachotsa mapini aja.

A Lilime anaseka, n'kuwakumbutsa kuti iwo luso lawo n'losankha zosakoma zokhazokha. Mayiwo anangopondaponda makina awo n'kupitiriza kusoka.

Loweruka dzuwa lisanatuluke anali kale pakati pa malole ndi madengu, akuponda makoko oterera. Ogulitsa anayamba kuwaseka a Lilime kuti lero abwera ndi kapitawo. Iwo manyazi anawagwira, dzanja likungopita lokha m'thumba muli kampeni. Mtima unkawauza kuti kachidutswa kamodzi kokha sikangaphe munthu.

Akazi awo sanasamale za kuseka. Anagwada pa dengu la zinanazi n'kuyamba kuchita zimene ankachita masiku onse pogula za mwamuna wawo. Ankanyamula chinanazi n'kuchiyesa kulemera, kuchinunkhiza kumunsi, kudina ndi chala chachikulu monga amachitira pofuna kudziwa nsalu yabwino. Mango ankawayang'ana pa kaphesi, ngati pali utomoni wouma. Kenako ankaima kaye phee, kuonerera kumene njuchi zikutera. Zina ankaika kumanja, zina kumanzere, akulankhula okha chapansipansi.

"Ichi n'chanu. Ichi ayi, chingakupheni. Ichinso ayi."

Mulu wa kumanja unali wochepa, wa zobiriwira. Wa kumanzere unkangokula. A Lilime anatola chinanazi chimodzi pa mulu woletsedwawo, n'kuchinunkhiza, ndipo malovu anadzaza m'kamwa. Apa m'pamene anazindikira. Kuti munthu akupezere chipatso chosatsekemera tsiku lililonse osaphonya, ayenera kuchidziwa chotsekemeracho kuposa wina aliyense. Miyezi yonse ija iwo akung'ung'udza, mayiyu ankaphunzira kuzindikira shuga ali m'kati mwa khoko, osadula, osalawa, ndipo mphunzitsi wake anali magazi a mwamuna wake. Anawayang'ana akazi awo, tepi yoyezera nsalu ikadali m'khosi poti anaiwala kuivula, ndipo anachita nawo chidwi ngati akuwaona koyamba.

Anagula mulu wonse wa kumanzere. Anachitanso chimodzimodzi pa mavwende, mapapaya ndi malalanje, ndipo kampeni sikanatuluke m'thumba. Posiyana pa geti la msika, mayiwo anawaponyera kanthu m'thumba la jekete n'kuthamangira diresi la wina limene linkawadikira.

Ku khitchini kunali yakaliyakali, mapoto akuwira, operekera zakudya akuthamangathamanga. Mkulu uja anasiya zonse, n'kusankha yekha chinanazi chapansi penipeni pa bokosi. Anachidula, madzi n'kuyenderera pa thabwa. Analawa kachidutswa. Anadula vwende, kenako mango, a Lilime akungoyang'ana. Pamapeto pake mkuluyo anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, n'kulengeza kuti lilime la akuluakulu labwerera m'malo mwake. Anabaya kachidutswa kachikasu ndi nsonga ya mpeni n'kuwapatsira kuti amve okha.

Fungo lake linawafika mpaka kumtima. A Lilime anameza malovu, n'kupukusa mutu.

"Simunalawe?" anadabwa mkuluyo. "Nanga mwasankha bwanji?"

"Ndagula zonse zimene akazi anga andiletsa kudya."

Khitchini yonse inafa nacho chiseko, poganiza kuti akuluwa akucheza. Iwo sanawatsutse. Anatuluka kukakhala pa kreti kuseri kwa mafiriji kuja, n'kupisa m'thumba la jekete. Munali gwafa wobiriwira, wolimba gwa, amene mayi uja anachita kumufunafuna pakati pa msika wonse. A Lilime anatulutsa kampeni kawo, n'kumudula pakati. Theka anadya pang'onopang'ono osadandaula, linalo anakulunga m'kampango kuti akapatse akazi awo.