Zitsa za Dengu Loyamba

Khasu la Everson linali litayamba kale kulira kuseri kwa nyumba pamene mlongo wake Zelipa ankatuluka, duku lakuda lili kumutu. Anthu a pamaliro anali atangobalalika dzulo lake, phulusa la pasiwa lisanawoledwe n'komwe.

"Achimwene, mukutani?"

"Ndikuzula zachibwanazi," anayankha osatembenuka. "Mvula yayandikira. Kapena mwaiwala njala ya chaka chatha?"

Zachibwanazo zinali madengu akale othyolera tiyi, okhomedwa pamitengo yozikidwa apa ndi apo m'kamunda ka kuseriko. Malemu Hopeson, mwamuna wa Zelipa, anali kapitawo pa esiteti ya tiyi. Kumeneko ndiko anaona bwana wina akuponya chimbale chapulasitiki kuti chikagwere m'dengu, ati gofu wa zimbale. Munthu wamkulu ndi ndevu zake anatengeka nazo mpaka kusandutsa munda bwalo lamasewera. Kuno ku Thyolo, kumene tiyi anameza nthaka, anthu n'kumalima ndi m'mphepete mwa msewu momwe!

"Alamu anali mkamwini," anapitiriza Everson. "Malo ano ndi athu akuchikazi. Ndinkangowasungira ulemu. Pano apita, tibzale chimanga."

Zelipa nayenso anakhala akunyoza masewerawo zaka zonsezi. Komabe ataona dengu loyamba litagona m'fumbi, mtima unamuwawa zedi.

"Dikirani pang'ono, achimwene. Ngakhale kumeta sitinamete."

"Chimanga sichidikira lumo, chemwali."

Anakwezanso khasu, koma linagunda chinthu cholimba n'kudumpha. Anafukula, napeza chitsa cha mtengo wodulidwira pansi penipeni. Patsogolo pang'ono anapeza china, kenako chinanso. Zitsazo zinandandalika mzere kulowera kumalire ndi munda wa tiyi.

"Taonani misala ya alamu!" anatero akupukuta thukuta. "Dengu limodzi lomweli ankangolisuntha, kulikokera kukhomo lanu la khitchini. Masewera anji oti dengu lake ungalavuliremo uli chikhalire?"

Zelipa anayang'ana chitsa chakutali kwambiri. Anapakumbuka pamenepo: ndi pomwe dengulo linazikidwa poyamba. Tsiku lomwe Hopeson anamaliza bwaloli anamupatsa chimbale pamaso pa anthu kuti ayambe ndiye. Zelipa anaponya ataima pakhomo la khitchini, chimbale n'kugwera panjira ngati nkhuku yonyowa, amayi anzake n'kufa nazo ziseko. Analumbira kuti sadzachigwiranso. Mwamuna wake sanamukakamize. Ankangoti mwa apo ndi apo, "Mayi a Debora, lero dengu lili pafupi." Zelipa ankayesa kuti akumuseka, ndipo ankamuyankha ndi tsonyo.

Analowa m'nyumba, natuluka ndi chimbale chofiira chokalikakalika.

"Imikani mtengowo pomwe mwauzula."

"Chemwali, muli pachisoni inu! Anthu akuonani ati chiyani?"

"Anene zonena zawo. Imikani."

Everson anayang'ana uku ndi uku, kenako anaimika mtengowo monyinyirika, ataugwirira patali. Zelipa anaima pakhomo la khitchini. Anakoka mpweya, naponya ndi mkwiyo wonse wa masiku amenewo.

Chimbale chinadutsa pamwamba pa dengu, kudutsa zitsa zonse, n'kukatera m'kati mwa tiyi.

Kenako Zelipa anaseka, kuseka komwe kunathera m'misozi.

"Munayandikitsa kwambiri, bambo a Debora," anatero chapansipansi.

Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, natembenukira mlongo wake.

"Munda uno amayi anasiyira ine. Kumunsi kuja limani, sindikukanizani. Koma dengu ili mukalizike pa chitsa chakutalicho."

Everson anasenza mtengowo paphewa. Zelipa anatsogola, nalowa m'tiyi wonyowa ndi mame kukafuna chimbale.