Mtengo wa Maliro ndi Mlatho wa Nsungwi

Kuseri kwa nyumba ya Golap Moran kunali nyani wamkazi amene ankaimba yekha m'mawa uliwonse. Anali holou, anyani aja opanda mchira, amene saponda pansi ndipo amaimba awiriawiri, mwamuna ndi mkazi. Mwamuna wake ankayankhira kutsidya kwa msewu, m'nkhalango.

Ine ndinafika m'mudzimo ndikukonza maambulera, monga ndachitira m'midzi yambiri ya ku Assam, ndipo Golap anandipatsa khonde loti ndizigonapo. Nkhaniyi anandiuza tikumwa tiyi. Mkazi wake Rupohi atamwalira, abale anagwetsa mtengo waukulu wa mango wa m'mbali mwa msewu, pakuti mwambo umafuna nkhuni za mango potentha mtembo. Palibe anayang'ana kumwamba. Nthambi za mtengowo ndizo zinali njira yokhayo ya aholou pakati pa nkhalango ndi munda wa Golap, ndipo tsikulo nyani wamkaziyo anali m'mundamo akudya nkhuyu. Anatsekeredwa komweko.

Maliro atatha, ana a Golap anabwerera kutauni. Iye anayamba kupachika nthochi pa ndodo, n'kumalankhula ndi nyaniyo ngati munthu. Nyaniyo anazolowera, nayamba kutsikira pa nthambi zam'munsi pomwe agalu ankamudikirira. Ubweya wake unayamba kuthothoka.

Tsiku lina, ine ndikadali komweko, kunabwera Junmoni, mayi wa ku ofesi ya zankhalango. Anati boma likukonza ndondomeko ya dziko lonse yotetezera anyani amene atsala pang'ono kutha, choncho akuyenda m'midzi kufunsa komwe aholou ali ndi komwe njira zawo zaduka. Golap anati kwake kulibe nyani aliyense. Asanatseke pakamwa, nyani uja anayamba kuimba pamwamba pa mitu yathu.

"Ndiye akuimbayo ndi mlendo wanuyu, amalume?" anafunsa Junmoni akuloza ine.

Golap sanaseke. "Mwana wanga, ukamutenga nditsala ndi ndani? Pakhomo pano mawu amene ndimamva ndi akewo."

Junmoni anakhala pansi. Anafotokoza kuti sanabwere kudzatenga nyani. Koma nthochi zapamanja n'zimene zikumutsitsira kukamwa kwa agalu, ndipo holou amadwala akamadya za anthu m'malo mwa zipatso ndi masamba a m'tchire. Anawonjeza kuti holou amabereka mwana mmodzi, n'kudikira zaka asanabereke wina. Banja limodzi likalekana, nkhalango yataya ana ake.

"Amayi a pakhomo pano anapita kosabwerako, amalume," anatero motsitsa mawu. "Koma uyu wake ali apo. Tamverani akumuitana."

Tinatchera khutu. Kutsidya kunamveka mawu aja. Golap anayang'ana chitsa cha mango nthawi yaitali, kenako analowa m'nyumba natuluka ndi chikwanje.

Anthu a m'mudzi anabwera kudzathandiza. Tinadula nsungwi zazitali, n'kuzilumikiza ndi zingwe kuchokera pa mkuyu wa Golap kukafika pa mtengo wa kutsidya, pamwamba kwambiri, kutali ndi mawaya a magetsi. Bhaben, mnzake woyandikana naye nyumba, ankamuseka kuti akumangira nyani mlatho pomwe denga lake likudontha. Golap anayankha kuti nyani amadziwa kuyamika kuposa Bhaben. Pafupi ndi chitsa chija anabzala mbande za mango ndi mikuyu, kuti nsungwi zikadzawola mitengo idzakhale itakula. Nthochi anasiya kupachika, ndipo agalu ankawamangirira m'mawa.

Kwa masiku angapo nyaniyo ankangogwira nsungwi n'kubwerera. Woyamba kuwoloka anali mwamuna wake, wakuda wa nsidze zoyera. Anafika pakati n'kukhala. Wamkazi anamutsatira, ndipo nyimbo yawo inamveka mudzi wonse.

Ndinadutsanso kumeneko chaka chotsatira. Golap ndinamupeza yekha pakhonde, kapu ya tiyi ili m'manja. Anandilozera pamlatho. Aholou awiri ankawoloka, kamwana katakangamira pamimba pa mayi wake.

"Sandiyang'ananso n'komwe," anatero Golap akuloza wamkaziyo. "Musiyeni. Ali ndi wolankhula naye."

Musanadule mtengo, ngakhale wa maliro, yambani mwayang'ana kumwamba muone amene amadutsamo. Nyama yakutchire musaidyetse kapena kuibisa. Kauzeni a zankhalango. Ndondomeko ya boma singateteze nyani amene mwini munda wamubisa.