A Inendani Akana Mpando

Pasukulu ija panalibe amene ankawatchula dzina lenileni aphunzitsi a masamu. Onse ankangoti a Inendani, chifukwa ukawayamikira pa chilichonse, ngakhale taye, ankapendeketsa mutu, dzanja lili pachifuwa, n'kunena kuti, "Aa, ine ndani?" Kenako ankadikira kuti uwonjezere. Ukapanda kuwonjezera, ankakusungira chakukhosi.

Ahedi atapuma pantchito, aliyense ankadziwa kuti mpando ndi wa a Inendani. Eni akenso ankadziwa, moti jekete yatsopano inali kale kwa telala. Tsikulo mayi wa ku ofesi ya maphunziro anafika mwaphuma, makiyi a galimoto ali m'manja, n'kusonkhanitsa aphunzitsi onse.

"Bambo, taganiza kuti sukuluyi muitsogolere ndinu."

A Inendani anaimirira pang'onopang'ono. Zonse anali atayeserera pagalasi: akana kaye, anthu awachonderera, kenako avomera ngati owakakamiza.

"Mayi, ine ndani? Ndachepa nazo. Pano pali anzanga ondiposa."

"Zikomo ponena zoona," anatero mayiwo akuyang'ana wotchi. "Anthu ambiri sadziwa msinkhu wawo. Ndiye inu mukuona ndani?"

A Inendani anamwazamwaza maso kufuna woti awatsutse, koma anzawo onse anali kuyang'ana zikhadabo. Maso a bambowo anakaima pa mphunzitsi wa sayansi, wobwera dzana, yemwe anamuphunzitsa okha kagwiridwe ka choko.

"Mukunena awa?" anafunsa mayi aja. "Aphunzitsi, mungathe?"

"Ndingathe," anayankha wa sayansi, osaphethira n'komwe.

Anthu anawomba m'manja. A Inendani anawomba kuposa onse.

Kunyumba anafotokoza kuti mpandowo asiyira ana, poti kudzichepetsa ndi ulemu. Akazi awo, amene anali atauza kale abale onse, anasiya kusita.

"Abambo, kudzichepetsa n'kuwerama kuti udutse pakhomo. Inu mwachita kugona chafufumimba, ndiye anzanu alekerenji kukupondani?"

Lolemba m'mawa ahedi atsopano anawaimiritsa a Inendani pamaso pa ana onse n'kuwatamanda kuti munthu wodzichepetsa chotere sapezekapezeka. Ndipo poti munthu wotero sanyansidwa ndi ntchito yonyozeka, anawapempha kuti aziyang'anira ukhondo wa zimbudzi.

Pofika masana anali kuseri kwa makalasi, mpango uli pamphuno, akukalipira ana okolopa mpaka mawu anasasa.