Mlendo m'Gawo Lomaliza

Tsiku limene a Loko anavomera kutsegula tsamba la pa intaneti la alembi a sewero la pa wailesi, mu ofesi munali ngati mwabadwa mwana. A Loko ndiwo ankayang'anira makompyuta onse pa wailesipo, ndipo dzinali sanalitole pamsewu. Munthu uja akanakhala ndi njira yokhomera mpweya, bwenzi tonse tikupuma mochita kupempha. Masamba onse a pa intaneti amene magulu a pa wailesipo ankasungapo ntchito zawo anali otseka kwa anthu akunja. Tsono ochita sewero sanali olembedwa ntchito pamenepo, ankangobwera tsiku lojambula mawu. Kuti alandire zoti aloweze, wina ankayenera kusindikiza mapepala n'kuyenda nawo khomo ndi khomo, ndipo wina ameneyo anali Mapeto.

Mapeto anali mkulu wa alembi. Anamupatsa dzinali chifukwa magawo omaliza ankalemba yekha, chitseko chili chotseka. Gawo lomaliza la chaka chimenecho anali atalemba kale, ndipo linkamulemera mumtima. M'gawomo anali atapha wometa, munthu amene omvera ankamukonda kuposa onse m'seweromo. Wochita mbali ya wometayo anali amalume ake enieni, amene anamulera. Chifuwa chawo chinali chitayamba kuwakana, adokotala anali atanena kuti apume, ndipo amayi ake a Mapeto anamugwira mwendo kuti awapumitse mchimwene wawoyo. Ndiye anamugoneka wometa pabedi la kuchipatala, mawu ochepa, kuti nkhalamba isabanike pojambula.

Gululi linali ndi lamulo lake losalembedwa. Munthu akamafa m'sewero, mlembi amapita yekha kunyumba kwa wochita mbaliyo, n'kukhala pansi, n'kumuuza maso ndi maso asanamve kwina kulikonse. Mapeto ankangoti ndipita mawa, ndipita mawa.

Koma m'mawa umenewo zonsezo anaziiwala, poti chimwemwe chimaledzeretsa.

"Tamverani bwino, mayi," anatero a Loko, ataima kumbuyo kwa mpando wake ngati mphunzitsi wa masamu. "Ndatsegula tsamba lanu lokhali. A nkhani ndi a malonda asamve, angandidye. Pali polola a m'nyumba okhaokha, mmene zinalili kale. Pali polola alendo amene mwawaitana ndi dzina, ndipo ndakuikirani pamenepo. Palinso polola aliyense amene watola linki, koma pamenepo ndakhoma, musavutike n'kufunafuna. Mlendo mumuitanire ku foda yake yokha, osati tsamba lonse. Ndipo muzichonga poti kuwerenga kokha. Mwamva?"

"Ndamva, a Loko, ndamva! Mulungu akupatseni makiyi ena!"

Sanamve kanthu. Miyendo inali itayamba kale kuvina pansi pa desiki.

A Loko atangotuluka, a Mluzu, mlembi mnzake wa dazi amene sankatha kulemba chiganizo osaimba mluzu, anapita kukagwada pamaso pa makina osindikizira. Anawathokoza chifukwa cha zaka zonse zimene anawatafunira mapepala, kenako anawafunditsa nsalu ya patebulo. Mapeto anaseka mpaka kutsamwa. Anayamba kuitana alendo, mmodzimmodzi, aliyense ku foda yake: mayi wochita mbali ya namwino, bambo wochita mwini nyumba waumbombo, onse. Akadina batani ankafuula dzina, a Mluzu n'kuliza mluzu ngati chigoli chalowa. Mayankho anayamba kugwa m'foni. Wina anatumiza chithunzi akupsompsona kompyuta yake. Mapeto anavula nsapato zimene zinatha chidendene ndi maulendo a mapepala n'kuziika pamwamba pa kabati kuti zipume.

Omaliza anali amalume. Apa panali kavuto. Anthu onse a m'seweromo amakumana kometera, choncho wometa amapezeka pafupifupi m'foda iliyonse. Kuwatsegulira imodziimodzi? Ntchito yake imeneyo! Mapeto anangodina pa tsamba lonse. Kompyuta inafunsa ngati mlendoyu aziwerenga kokha kapena azithanso kusintha. Mapeto anachita kuseka. Munthu amene anamuphunzitsa kugwira pensulo, lero amulembe kuti kuwerenga kokha? Komanso amalume n'kukhala mlendo, mlendo wa kuti? Anachonga poti kusintha, natumiza, napita wopanda nsapato kukagula zoziziritsa kukhosi za ofesi yonse.

Atabwerako anapeza a Mluzu atasiya mluzu, zimene zinali zisanachitikepo.

"Mayi," anatero akuloza sikirini, "ndimati ndikonze mutu wa gawo lomaliza. Nanga kadontho kobiriwira kakuyenda m'menemu n'ka ndani?"

Mapeto anawerama. Kadonthoko kankatsika pang'onopang'ono, mzere ndi mzere, ndipo pamwamba pake panali dzina la amalume ake.

Mabotolo anagwa. Mapeto anatuluka liwiro wopanda nsapato, kudutsa khonde lonse akukuwa dzina la a Loko, mpaka a nkhani anasuzumira pazitseko poganiza kuti kwabuka moto. Anawapeza akupukuta magalasi ndipo anawakoka dzanja osafotokoza.

"Tsamba lonse?" anatero a Loko atayang'ana. "Ndi kusintha komwe? Mayi inu, ndimalankhula ndi khoma kodi?"

"Mundikalipire mawa! Atulutseni asanafike kuchipatala!"

"Kuchipatala kutinso?"

"M'seweromo, a Loko!"

A Loko anatsegula pamene pali mayina a alendo n'kumusonyeza kabatani kofiira pambali pa dzina la amalume. "Dinani apa. Atuluka ngati sanalowemo."

Mapeto anaika chala. Koma maso ake anathawira ku sikirini ya a Mluzu, ndipo kadontho kaja kanali katafika kale. Kanaima pa mzere umene namwino akuti, wometa watisiya. Kanaima pamenepo osasuntha. Mapeto anawaona m'maganizo amalume ake atakhala pa mpando wawo wa pawindo, magalasi ali pamphuno, akuwerenga imfa yawo okha popanda wowagwira dzanja.

Kenako zilembo zinayamba kufufutika.

"Akufufuta!" ananong'ona a Mluzu. "Bedi lapita. Namwino wapita. Ee, chipatala chonse agwetsa!"

Pamalo popanda kanthupo panayamba kutuluka zilembo zikuluzikulu, chimodzichimodzi, poti amalume ankalemba ndi chala chimodzi ngati nkhuku yotola chimanga. KOMETERA. MASANA. MAKINA AKULIRA.

A Mluzu anakoka mpando. Mtsikana wa pa foni analowa, wojambula mawu analowa, ngakhale a nkhani aja anadzazana pakhomo. Onse ankawerenga mokweza liwu lililonse likamatuluka, n'kumalosera lotsatira. M'zimene ankalembazo, amalume anamukhazika pa mpando wometera mwini nyumba waumbombo uja, mdani wa wometa kuyambira gawo loyamba. Anamumeta mbali imodzi yokha, mpala weniweni, uku akumuuza zonse zimene omvera akhala akufuna kuti wina amuuze. Ofesi inaphulika. A Mluzu ankamenya desiki, misozi ili mbwembwembwe. Ngakhale a Loko anagwidwa akuseka, anthu n'kuona koyamba kuti ali ndi mpata kumano.

Zilembo zinapitiriza. Wometa akuti kwa mwini nyumba: mbali inayo mudzabwere mawa, ndatopa. Akukhala pa mpando wake. Makina akulirabe m'dzanja lake. Mwini nyumba akulalata, kenako akuitana dzina la wometa. Akuitananso. Makina akulirabe. Nyimbo.

Kuseka kuja kunazima kokha. Wojambula mawu anavula chipewa osadziwa kuti wavula. Mapeto, amene anali atalemba mapeto ambirimbiri, anadziwa kuti awa sakanawalemba, chifukwa iye ankafuna kuteteza chifuwa cha amalume ake pamene iwo ankafuna kufa ali pantchito.

Chala chake chinali chikadali pa kabatani kofiira.

"Ndiye titani?" anafunsa a Loko motsitsa mawu. "Tiwachotse?"

"Asiyeni."

"Chilolezo cha mlendo chimatha chokha mwezi ukatha. Ndi mmene ndinakonzera."

A Loko anamusuntha Mapeto pang'ono, nawerama pa kompyuta, nadinadina. Pambali pa dzina la amalume, pamene panali tsiku lothera, panatsala popanda kanthu. "Musauze munthu," anatero. "Mbiri yanga ingaipe."

Kadontho kobiriwira kanasunthanso. Kanatsika mpaka pansi pa tsamba, pamalo oyera, ndipo zilembo zinayamba kutuluka, tsopano zing'onozing'ono. A Mluzu anayamba kuwerenga mokweza, koma atangoona mawu oyamba anatseka pakamwa n'kubweza anthu onse kukhomo. Mapeto anatsala yekha.

Iwe mwana wa mlongo wanga, ndikudziwa uli pompo. Amayi ako ndi adokotala akunena zoona, mpweya wayamba kuchepa. Koma pabedi ayi. Lamulo lija lisafe chifukwa cha makompyuta anuwa. Ubwere kunyumba, ukhale pansi, undiuze wekha. Ine ndidzachita ngati sindikudziwa kanthu, ndipo udzakhulupirira. Ntchito yanga ndi imeneyo.

Mapeto anaseka, akulira, mphuno ili tololo. Anakwera pa mpando n'kutsitsa nsapato zake zakutha chidendene pa kabati paja. Zinali zitapuma mokwanira.